V-Strom 650 kapena SV650, yoyendera tsiku ndi tsiku nditenge iti?

Mphwanga25
Moni akuluakulu. Ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Msuweni wanga ali ku Johannesburg wandipezera njinga ziwiri zoti zinagwirapo kale ntchito, zonse za Suzuki, zonse za 2018, ndipo mtengo sukusiyana kwenikweni. Ina ndi V-Strom 650, zazitali zija za maulendo ataliatali, ina ndi SV650, yopanda mapulasitiki ija, ena amati roadster. Ine ndimakhala ku Area 25, ntchito ku City Centre, ndiye tsiku lililonse ndi Kanengo, Area 18, madzulo kubwerera. Ndikachoka pa tala pali kamsewu kafumbi kokafika kunyumba, dzinja kamakhala matope okhaokha. Mwezi ukatha ndimapita kumudzi ku Dedza, nthawi zina ndi mayi akunyumba kumbuyo. Vuto langa ndine wamfupi, mamita 1.65. Pano ndikuyendera kanjinga ka 150cc ndiye chachikulu chonchi sindinakwerepo. Mtima uli pa V-Strom koma miyendo ikukana. Amene mwayenderapo mitundu iwiriyi tandiuzeni.

Gologolo_LL
V-Strom basi achimwene. Muli ku Malawi kuno osati ku Sandton.

Kachere88
kkkk 1.65 pa V-Strom? Pa maloboti muzidzayamba mwafufuza pali mwala kuti mupondepo

Madala_Injini
Ana inu musamuseke munthu, wafunsa bwino. Mphwanga, choyamba dziwani kuti njinga ziwirizi injini yake ndi ya banja limodzi, 645cc, masilinda awiri okhala ngati V. Inayambira mu SV650 mu 1999, kenako mu 2004 a Suzuki anaitenga n'kuiika mu V-Strom. Anangoisintha pang'ono kuti ya mu V-Strom izikoka bwino pansipansi, ya mu SV izikonda kukwera marevu. Ndiye nkhani ya mphamvu kapena kulimba kwa injini ichotseni kaye, zonse ndi zolimba, zonse 24,000 km ikakwana mumayang'anitsa mavalavu, zonse mapulagi ndi anayi, awiri pa silinda iliyonse.

Kusiyana kuli pa zomwe zazungulira injiniyo. V-Strom teyala lakutsogolo ndi la 19, SV ndi 17. Teyala lalikulu likagwera m'dzenje limatulukamo mosavuta, laling'ono limamenya m'mphepete mwa dzenjemo. Komanso la SV ndi 120/70, mpira wake ndi wochepa pakati pa limu ndi msewu, ndiye mukamenya dzenje lakuthwa m'mbali muli pa liwiro, limu limapindika, ndipo limu la aluminiyamu likapindika tubeless imayamba kutaya mpweya. Ine malimu oterowo ndawongolapo ambiri ndipo ena sabwereranso. Kuchoka pansi kufika pamimba pa njinga, V-Strom ndi 170 mm, SV ndi 135 mm. Ma shock a V-Strom ndi aatali. Thanki ya V-Strom imalowa malita 20, ya SV siifika 15. Koma chishalo cha V-Strom chili pa 835 mm pamene cha SV chili pa 785 mm, ndipo V-Strom imalemera kupitirira ndi makilogalamu pafupifupi 15, kulemera kwakenso kuli m'mwamba chifukwa cha thanki. Zomwe zikuipangitsa kukhala yabwino pamsewu wathu ndi zomwezonso zikuipangitsa kukuvutani inuyo. Palibe yaulere apa.

Mphwanga25
Zikomo madala, izi ndi zomwe ndimafuna. Koma masentimita 5 okha angasinthe zinthu chonchi?

NaPhiri_BT
Angasinthe kwambiri achimwene. Ine ndine wamfupi ngati inu nomwe, ndimayendera Yamaha MT-07 kuno ku Blantyre, chishalo chake ndi 805 mm ndipo ndimaponda ndi zala basi. Anthu aatali sadziwa kuti vuto silikhala poyenda ayi, njinga ikamayenda zonse ndi zopepuka. Vuto limakhala poima. Mwaima pachitunda ku Ndirande, minibasi yakutsekerani kutsogolo, mwendo mwautsitsa n'kupeza kuti mbali imeneyo msewu unadyeka ndi madzi, pamenepo njinga ya makilogalamu 200 ikangopendekeka pang'ono simungaibwezenso, imapita ndithu. Ndiye inu mwati tsiku lililonse mumadutsa Kanengo nthawi ya m'mawa, mathiraki, maminibasi, akabaza, kuima n'kunyamuka kosatha. Kumudzi mumapita kamodzi pamwezi. Gulani njinga ya masiku onse enawo, osati ya tsiku limodzilo. Komanso musamangoona kutalika kwa chishalo, onaninso kukula kwake m'mbali. Cha SV ndi chowonda kutsogoloku, miyendo imatsika molunjika, cha V-Strom chimakutangadzitsani ndiye miyendo imafupikiranso.

Gologolo_LL
Asisi mwalankhula bwino koma mwaiwala kuti munthuyu wati kunyumba kwake ndi matope. Matopewo si a kamodzi pamwezi, ndi a m'mawa ndi madzulo kuyambira Disembala mpaka Malichi. SV pa matope ndi matayala ake osalalawo mudzamumvera chisoni.

NaPhiri_BT
V-Strom nayo pa matope ndi matayala omwe imabwera nawo ndi chimodzimodzi, imaterereka, ndipo ikagwa ndi yolemera kudzutsa. Matope amafuna teyala lamano osati dzina la njinga.

Madala_Injini
Apa mayiwa anena zoona. V-Strom si njinga yakutchire, musanamizidwe ndi mlomo uja ali nawo kutsogolo. Ndi njinga ya pa tala yomwe imapirira msewu woipa. Ekizozi yakutsogolo ndi fyuluta ya oyilo zili poyera pansi pa injini, mwala umodzi wabwino oyilo yense pansi. Yakutchire yeniyeni ndi monga Ténéré 700, teyala la 21 kutsogolo 18 kumbuyo, koma chishalo chake chili pa 875 mm ndiye kwa mphwangayu tisaiyambe n'komwe. Chomwe V-Strom ikuposa ndi choti matayala amano pang'ono a 110/80-19 ndi 150/70-17 alipo amitundu yambiri. A saizi ya SV ambiri ndi a pa tala.

Boxer_Dolo
Mabwana mukuvutikiranji? Ine Boxer 150 ndimalowa nayo paliponse, matope, mchenga, kuwoloka dambo, thumba la chimanga kumbuyo ndi munthu pamwamba. Sipeya ndimagula pa msika paliponse, teyala likaphulika wokonza njinga zakapalasa amamata. Zanuzo kachingwe ka kilachi kakaduka mudikire basi yochokera ku Joni kkkk

Kachere88
Wabwera wa kabaza, zatha apa

Boxer_Dolo
Wa kabaza yemweyo ndi amene amakunyamulani chanu chachikulucho chikafa pa Lumbadzi

Wa_ku_Joni
kkkkk koma mnyamatayu sakunama pa nkhani ya sipeya. Mphwanga25, chilichonse mungatenge, muuzeni msuweni wanu aikemo zinthu zomwe zimatha msanga njingayo isananyamuke kuno: mafyuluta a oyilo angapo, fyuluta ya mpweya, mapadi a mabuleki, tcheni ndi masipuroketi, malivala a kilachi ndi buleki. Kuno zimapezeka mosavuta chifukwa njinga ziwirizi zilipo zambiri.

Ine ndinayenderapo SV kwa nthawi ndithu, pano ndili ndi V-Strom 650XT, ija ya masipoko koma tubeless. Ndinasintha chifukwa cha mphepo. Ndimayenda N1 kuchoka ku Midrand kupita m'tauni, liwiro lake ndi 120, ndipo pa njinga yopanda galasi mphepo yonse imathera pachifuwa, ukafika khosi lauma, nthawi yozizira mu Juni ndiye usanene. Koma zoona zake, pakati pa magalimoto SV inali yokoma kuposa. Ndi yowonda, mahandulo ndi aafupi, umadutsa pakati pa mizere osagunda magalasi a anthu. V-Strom mahandulo ake ndi otambalala ndipo ali pamlingo umodzi ndi magalasi a mabakkie ndi mataxi, ndiye umangokhala ukupinda thupi. Ukaikanso mabokosi am'mbali ndiye waiwala zodutsa, uli pamzere ngati aliyense. Kumudziko simuthamanga 120 nthawi yaitali, ndiye phindu la galasi kwa inu ndi lochepa poyerekeza ndi ine.

Chiphaliwali
Galasi la V-Strom limenelo musalitame kwambiri. Kwa ena mphepo imadumpha galasi n'kumamenya chipewa penipeni, mutu umangonjenjemera ngati uli m'chigayo. Zimatengera kutalika kwa munthu. Limasunthika m'mwamba ndi m'munsi ukamasula mabawuti koma ena mpaka amagula lina. Pa yopanda galasi mphepo imabwera yambiri koma yosalala. Ndiye mu Okutobala ku Lilongwe kukutentha, mphepoyo mudzaifuna nokha.

Atate_a_Tadala
Palibe amene wakamba za mafuta? Abale, masiku ano pogula chilichonse cha injini muyambe mwafunsa thanki. Njinga zimenezi zimayenda cha m'ma 23 mpaka 25 km pa lita ukamayenda mwaulemu. Malita 20 ndiye kuti 400 km mumadutsa bwinobwino, Lilongwe mpaka Mzuzu osaima pa filing'i siteshoni. SV ikamafika cha m'ma 250 kagetsi kayamba kale kuthwanima. Nthawi ya mizere ya mafuta ija, amene ali ndi thanki yaikulu amapita kukaima pamzere kamodzi pamene mnzake wapitako kawiri. Kwa ine nkhani yonse yathera pompo.

Kachere88
Kumadzaza malita 20 ndi ndalama zake ziti kkk anthu timathira malita atatu atatu

Atate_a_Tadala
Munthu akugula 650 ameneyu aise, si iwe

Gologolo_LL
Pa mafuta pomwepo, petulo wathu uja amasakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, sawononga ma injini a fuel injection amenewa? Ndinamva kuti amadya mapaipi.

Madala_Injini
Njinga yoyenda tsiku lililonse sindinaionepo itavutika naye. Ethanol amavuta njinga ikakhala miyezi osayenda thanki ili theka, amakoka chinyezi, thanki imachita dzimbiri mkati, kenako pampu ya mafuta imatsekeka. Choopsa kwambiri ndi petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, simudziwa zomwe athiramo. Ka 150 ka kabuleta kamameza chilichonse, mukatsuka kabuleta mwapitiriza. Izi pampu yake ili m'kati mwa thanki ndipo si yotchipa. Apanso thanki yaikulu imathandiza chifukwa simukakamizika kugula wa m'zigubu panjira.

Koma pokonza ndimakonda SV. Kuti ufike pa fyuluta ya mpweya umangomasula mabawuti n'kutukula thanki. V-Strom uyambe wachotsa mapulasitiki am'mbali, timapini tija timathyoka, ndipo ndi fumbi lathuli fyuluta imafuna kuionaona pafupipafupi kuposa momwe buku likunenera.

Mai_Busa_Rider
Ine ndilankhulireko mayi akunyumbawo poti palibe akuwafunsa. Ndakhalapo kumbuyo pa mitundu yonse iwiri ndisanayambe kuyendetsa ndekha. Kumbuyo kwa roadster kampando kake ndi kakang'ono, mawondo amapindika kwambiri, pogwira palibe pabwino, hampu iliyonse imakafika m'chiuno. Lilongwe mpaka Dedza ndi makilomita 80 ndi kuposerapo, ndiye muwerenge mahampu a pa Nathenje, pa Chimbiya, pa Linthipe, mayiwo akakafika sadzafunanso kukwera. V-Strom mpando ndi waukulu, zogwirira zilipo, kaliyala ilipo kale yoti n'kuikapo bokosi loti atsamire. Pobwera kumudzi simubwera chimanjamanja, pali mbatata, nyemba, kaufa, pa SV muziika pati? Ndipo pa hampu muli awiri ndi katundu, 135 mm ija imatsika, mudzamva ekizozi ikukhula pansi.

Mphwanga25
Eee amayi mwandigwira pamenepo. Iwowo anena kale kuti ngati ilibe potsamira sakwera.

NaPhiri_BT
Koma muganizirenso kuti munthu wa 1.65 woti akuchokera pa 150, pa njinga yaitali, kumbuyo kuli munthu ndi thumba la mbatata, n'kuima pa rodibuloko pomwe pali timiyala. Amene adzagwe si mmodzi.

Wa_ku_Joni
Munthu akakwera kumbuyo njinga imatsika asisi, miyendo imafika bwino kuposa uli wekha. Chovuta ndi nthawi yokwera ndi kutsika, muwauze azidikira mpaka muwauze kuti kwerani, mutagwira buleki ndipo mwaponda bwino. Komanso V-Strom kumbuyo ili ndi kogudubuza ndi dzanja kolimbitsira kapena kufewetsa shock, osafuna sipanala, mukakhala nokha mumafewetsa n'kutsika pang'ono.

Chiphaliwali
Njira zotsitsira zilipo. Pali chishalo chotsika cha Suzuki chomwe, kapena kupita kwa osoka mipando ya galimoto akasepule siponji makamaka m'mbali kutsogoloku. Palinso timazitsulo ta pansi pa shock totalikirapo totsitsa kumbuyo, kutsogolo n'kukweza mafoloko pang'ono. Koma mukatsitsa ndi zitsulozo mwadya 170 mm ija yomwe mwagulira njingayo, ndipo sitandi imatalika, njinga imaima chilili, mphepo kapena mwana angoikhudza yagwa, ndiye muidulitsenso. Ine ndingayambe ndi siponji ndi nsapato za soli yokhuthala. Ndiponso phunzirani kuima ndi mwendo umodzi, thako kulisunthira kumanzere, phazi lamanzere lonse pansi, lamanja pa buleki. Othamanga mipikisano ya m'chipululu ambiri si aatali ayi, Gaston Rahier anali wamfupi kwambiri koma anawina Paris-Dakar pa BMW yaitali mu 1984 ndi 1985.

Kachere88
Ameneyo samadutsa pa Kanengo 7 koloko m'mawa

Zomba_Boy
Inu nonse mukukamba za mavuto okhaokha, nanga kukoma? Njinga sitigulira kufika kokha. Tengani SV mukwere nayo msewu wa ku Zomba Plateau kapena mutsike Khwekhwerere kupita ku Golomoti, ngodya zimene zija ndi matayala a 17 njinga imangogona yokha ukangoiganizira. Zazitalizi ukamanga buleki mutu umamira kaye pansi, pokhota umachita kuikankha. Ine adventure ndidzagula ndikadzakalamba.

Atate_a_Tadala
Khwekhwerere yemweyo ukakhota n'kupeza mchenga kapena mbuzi pakati pa msewu udzaikonda yaitali. Ukakhala pamwamba umaona patali, m'tauni umaona kudutsa denga la galimoto yakutsogolo, madalaivala nawonso amakuona msanga. V-Strom ya 2018 ilinso ndi traction control, ija yochepetsa mphamvu teyala lakumbuyo likayamba kuterereka, SV ilibe.

Zomba_Boy
Traction control ndi dzanja lako lamanja madala

Boxer_Dolo
Nanga layisensi muli nayo bwana? Poti 650 si ya A1

Mphwanga25
Ndili ndi Code A, 150 yomweyi imafuna A kale chifukwa yadutsa 125. Iweyo uli nayo?

Boxer_Dolo
Tikukamba za njinga zanu apa bwana kkkk

Gologolo_LL
kkkkkk wathawa

Mlendo_UK
Ndawerenga zonse. Kuno ku Leeds ndimayendera CB500F, mnzanga ali ndi CB500X, nkhani yake ndi yomweyi, injini imodzi ya 471cc matupi awiri, ndipo mu 2019 a Honda anaika teyala la 19 pa X. Kuno roadster ndi yokwana chifukwa tala amafika pakhomo. Ndikanakhala kumudzi sindikanaganiza kawiri. Koma chomwe chikundidetsa nkhawa ndi choti mukufuna kugula njinga yoti simunakhalepo. Manambala a chishalo amanamiza, anthu awiri a 1.65 miyendo yawo siifanana, wina ndi wamtali thunthu wina miyendo. Mu Lilongwe ma V-Strom alipo, pezani mwini wake mukhalepo, muitukule pa sitandi, muikankhe chobwerera m'mbuyo muli pomwepo. Kubwerera m'mbuyo ndi zala zokha pamalo otsetsereka ndi pomwe mudzadziwire. Muonenso geti la kwanu, ngati pali kakhwawa kolowera kapena pokhota pothina, chifukwa zimenezo ndi za tsiku lililonse.

Atate_a_Tadala
Yanga ndi ya 2014 koma kutalika ndi chimodzimodzi, 835. Mphwanga25 ndilembereni kumbali, Loweruka ndimakhala ndili ku Area 47, mubwere mudzaiyese. Mubwere ndi nsapato zomwe mumayendera pa njinga osati masilipasi. Mukaigwetsa livala mugula.

NaPhiri_BT
Mukayese thanki ili yodzaza, osati ili ndi malita awiri. Zimasiyana kutali.

Mphwanga25
Zikomo atate, ndikulemberani pompano. Ngati phazi limodzi likufika lonse pansi nditenga V-Strom chifukwa cha mayi ndi thanki, ngati ayi SV ndipo kumudzi tizipita pa minibasi tikakhala awiri. Madala_Injini, msuweni wanga ayang'ane chiyani asanalipire? Iye za njinga sadziwa, ndi wa zomangamanga.

Madala_Injini
Apite ndi munthu wodziwa, amulipire kangachepe. Ailize injini ili yozizira, osati apeze mwini wake waitenthetsa kale. Aone mafoloko ngati sakudontha oyilo, azungulitse matayala onse aone malimu, aone mano a masipuroketi ngati sanasongoke, nsonga za mahandulo ndi malivala ngati sizinakhulike, pamenepo ndi pomwe pamaululira njinga yoti inagwapo. Afunse buku la sevisi, ngati yadutsa 24,000 km mavalavu anayang'anidwa? Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi za pamapepala, ndipo police clearance yotulutsira njinga kunja ikhale m'manja asanaikweze, apo ayi idzakhala pa boda inu muli kuno. Ikakhala V-Strom agulenso bash plate, chitsulo chotchinga pansi pa injini, ndi zitsulo zam'mbali konko, zimangidwe isananyamuke. Ikakhala SV agule tizitsulo totchinga injini ikagwa ndi kotchingira rediyeta, chifukwa teyala lakutsogolo limaponyera miyala pomwepo.

Boxer_Dolo
Nanga ka 150 kanuko mugulitsa zingati bwana? Ndilembereni kumbali musanauze wina